ZA UMOYO WA BANJA: Mafuta a Kokonati ndi Magazi a Munthu

Anthu amene anali akulu kale m'zaka za m'ma 1980 akumbukira bwino mizere ya saladi. Mbiri ikamveka kuti mafuta ophikira afika m'sitolo ya boma, azimai a ku Matero, Kanyama ndi Chawama anali kulawira m'mamawa kukaima pa mzere, ndipo ambiri anali kubwerera dzuwa litapendeka ali cimanjamanja. Masiku amenewo funso linali limodzi lokha, lakuti kodi saladi ipezeka kuti. Lero saladi iri pa kantemba kali konse, m'mabotolo ndi m'timapepala ta pulasitiki ta muyeso wa ndiwo za tsiku limodzi, ngakhale kuti mtengo wake uliza mabanja ambiri. Tsopano anthu afunsa kuti mafuta abwino ndi ati, ndipo yankho limodzi limene liri kumveka m'makomboni a mu Lusaka layamba kufika ndi kumidzi komwe, lakuti mafuta a kokonati aposa mafuta ena onse.

Mafuta amenewa agulitsidwa m'masitolo akulu, m'masitolo a mankhwala, m'misika, ndiponso ndi anthu otsatsa malonda pa Facebook ndi pa WhatsApp. Owatamanda anena kuti ayeretsa magazi, asungunula mafuta a pamimba, atsitsa BP ndi kuciza matenda a shuga. Ena afika pomwa sipuni yathunthu m'mawa uli wonse monga mankhwala. Mwana wogwira nchito mu Lusaka, wokhala ku Mtendere kapena ku Kalingalinga, akadzimana nagula botolo lotere, n'kulipatsira wa basi kuti akatule kwa amai ake ku Katete kapena ku Lundazi, acita zimenezi ndi mtima wacikondi. Nawo amai alandira ndi manja awiri, popeza cinthu cocokera ku tauni, codula ndi colembedwa Cingerezi, sacikayikira. Koma ngati mai ameneyo ali kale ndi BP kapena mtima wobvuta, mphatsoyo ingamuwonjezere katundu amene anafuna kumutula.

Kokonati, imene ena aicha ngole, ndi cipatso ca mtengo wa mtundu wa kanjedza umene ukonda malo otentha a m'mphepete mwa nyanja ya mcere. Maiko a Philippines, Indonesia ndi India ndiwo alima yambiri, ndipo pafupi pano ipezeka ku gombe la Mozambique, makamaka ku Zambezia ndi ku Inhambane, ndi ku gombe la Tanzania. Lusaka ali pamtunda wa mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja, ndipo cisanu ca June ndi July sicigwirizana ndi mtengo umenewu. Motero mafuta ake ayenda ulendo wautali asanafike pa shelefu, ndipo n'cifukwa cake botolo laling'ono lidya ndalama zimene zikadagula saladi yambiri ya mpendadzuwa.

CHOLESTEROL N'CIANI?

Kuti nkhaniyi imveke, ayenera kudziwika poyamba mafuta ena a m'magazi amene madokotala awacha cholesterol. Munthu ali yense ali nawo, ndipo popanda iwo sangakhale ndi moyo, pakuti thupi liwagwiritsa nchito pomanga tizigawo take tating'ono, popanga ndulu yogaya zakudya zonona, ndi pa nchito zina zofunika. Ambiri mwa iwo sacokera m'mbale. Apangidwa m'thupi momwemo, makamaka m'ciwindi.

Popeza mafuta sasakanizika ndi madzi, cholesterol iyenda m'magazi itanyamulidwa ndi timatumba tamitundu iwiri. Mtundu woyamba, wochedwa LDL, uli ngati ngolo zimene zicoka ku nkhokwe, ndiyo ciwindi, kukatula katundu ku ziwalo zonse. Mtundu waciwiri, wochedwa HDL, ndi ngolo zobwerera, zimene zitola zotsala ndi kuzibweza ku ciwindi. Ngolo za LDL zikaculuka, katundu wina alowerera m'zipupa za mitsempha ya magazi nakhazikika m'menemo. Caka ndi caka njira ya magazi icepa, monga momwe ngalande za ku Kanyama zidzalira ndi mcenga ndi zinyalala nthawi ya cilimwe popanda wozindikira, kufikira tsiku limene mvula yamphamvu igwa ndi madzi alowa m'nyumba. Mtsempha wodyetsa mtima ukatsekeka, munthu amva kuwawa koopsa pa cifuwa ndipo angafe nthawi yomweyo. Ukatsekeka wopita ku ubongo, munthu agwidwa ndi sitiroko, pakamwa papotoka, dzanja ndi mwendo zifa mbali imodzi.

Coipa ca bvuto limeneli ndico cakuti siliwawa pamene liri kukula. Munthu alima, adya, aseka, ndi kuoneka wonenepa bwino. Akagwa mwadzidzidzi pa zaka 50, pa maliro pamveka manong'onong'o akuti wina wamuponyera, ndipo nkhalamba zambiri zosalakwa zanenezedwa ufiti cifukwa ca mtsempha umene unayamba kutsekeka zaka 20 zapitazo.

BOTOLO SILINAMA, KOMA SILINENA ZONSE

Pa mabotolo ambiri a mafuta ocokera ku zomera palembedwa mau a Cingerezi onena kuti mulibe cholesterol. Mau amenewa ndi oona. M'mafuta a kokonati mulibedi cholesterol yoti munthu n'kuiwerengera, monganso mulibe mu saladi ya soya kapena mu nshawa, pakuti cholesterol ipezeka m'zakudya zocokera ku nyama. Koma apa ndi pamene anthu ambiri asokerera. Cimene cikweza kwambiri cholesterol m'magazi si cholesterol imene munthu wameza ai, koma mtundu wa mafuta amene wadya.

Mafuta odyedwa ali m'magulu awiri akulu, ndipo mai ali yense angawasiyanitse ndi maso. Alipo oundana, amene alimba pakazizira, monga mafuta oyera amene ayandama pa msuzi wa nyama ya ng'ombe yogona mumphika. Aliponso osaundana, amene akhalabe amadzimadzi, monga a mpendadzuwa, a soya ndi a nshawa. Botolo la mafuta a kokonati likaikidwa pa windo m'mwezi wa June ku George kapena ku Chadiza, m'mawa lipezeka litalimba mbuu ngati kandulo, ndipo lisungunuka pokhapokha kutentha kukafika pa madigiri 24, monga m'mwezi wa October. Cimeneci ndico cizindikiro cake.

Akatswiri atayeza, anapeza kuti pa magawo 100 a mafuta a kokonati, magawo 82 ndi a mtundu woundana. Mu batala wa mkaka wa ng'ombe ndi magawo 63, m'mafuta a nyama ya ng'ombe ndi m'mafuta a kanjedza ndi pafupi-fupi 50, m'mafuta a nkhumba ndi 39. Koma m'mafuta a nshawa ndi magawo 17 cabe, mu soya ndi 16, ndipo mu mpendadzuwa ndi pafupi-fupi 10. Kunena kwina, mafuta amene ali kutamandidwa kuti ndi mankhwala a mtima aposa ngakhale mafuta a nkhumba kawiri pa mtundu umene ubvuta mtima.

M'mene mafuta oundana agwirira nchito m'thupi mudziwika bwino. Pa ciwindi pali timakomo timene tigwira ngolo za LDL ndi kuzicotsa m'magazi. Madokotala awiri a ku America, Michael Brown ndi Joseph Goldstein, ndiwo anatulukira timakomo timeneti, ndipo analandira mphoto ya Nobel m'caka ca 1985. Munthu akamadya mafuta oundana ambiri, ciwindi cicepetsa timakomoto, motero LDL itsalira m'magazi niculuka. Akasinthira ku mafuta osaundana, timakomo tiwonjezeka ndipo LDL itsika m'masabata owerengeka.

ZIMENE ANAPEZA OFUFUZA

Kuchuka kwa mafuta a kokonati kunayambira ku maiko a azungu. M'caka ca 2016 nyuzipepala ya New York Times inafunsa anthu a ku America, ndipo 72 pa 100 ali onse anati mafutawa ndi cakudya copatsa thanzi, pamene mwa akatswiri a zakudya amene anafunsidwa, 37 okha pa 100 ndiwo anabvomereza. Caka cotsatira, mu June 2017, bungwe la madokotala a mtima la American Heart Association linalengeza poyera kuti silikulangiza anthu kudya mafuta a kokonati, cifukwa akweza LDL. Panabuka phokoso lalikulu, makamaka kucokera kwa ogulitsa.

M'caka ca 2020 akatswiri a pa National University of Singapore anasonkhanitsa mayeso 16 amene anacitika pa anthu m'maiko osiyana-siyana, nawawerengera pamodzi. Anapeza kuti anthu odya mafuta a kokonati LDL yao inakwera ndi pafupi-fupi magawo 9 pa 100 poyerekeza ndi odya mafuta onga a soya, a mpendadzuwa ndi a olivi. Za kuonda, za kutsika kwa shuga m'magazi, ndi zina zimene otsatsa alonjeza, sanazipeze.

Mbali inayo iyenera kumvekanso, pakuti mlandu suweruzidwa pomva munthu mmodzi. Otamanda mafutawa anena kuti akweza HDL, ngolo zobwerera zija, ndipo apa anena zoona, pakuti a ku Singapore anapezanso cimodzimodzi. Palinso mayeso a ku Cambridge ku England, ofalitsidwa m'caka ca 2018, m'mene anthu osakwana 100 anadya magalamu 50 a kokonati, a batala kapena a olivi tsiku ndi tsiku kwa masabata 4. Odya batala LDL yao inakwera, koma odya kokonati sinasiyane kweni-kweni ndi ya odya olivi. Amenewo ndi mayeso amodzi, a anthu ocepa ndi a mwezi umodzi, ndipo sangagwetse ena ambiri amene aloza kwina. Ndipo za HDL, madokotala anaphunzira mowawa kuti kuikweza pakokha sikuteteza mtima. M'caka ca 2006 mayeso akulu a mankhwala ena amene anali kukweza HDL kwambiri anaimitsidwa pakati, cifukwa omwa mankhwalawo anali kufa koposa osamwa. Koma kutsitsa LDL kwaonetsedwa kambirimbiri kuti kucepetsa matenda a mtima ndi sitiroko.

Umboni umene otsatsa aukonda koposa ndi wa anthu a pa zisumbu za m'nyanja ya Pacific. Dokotala wa ku New Zealand, Ian Prior, ndi anzake anafalitsa m'caka ca 1981 zimene anaona pa zisumbu za Tokelau ndi Pukapuka. A ku Tokelau anali kupeza magawo 63 pa 100 a mphamvu ya cakudya cao kucokera ku kokonati, a ku Pukapuka magawo 34, ndipo matenda a mtima anali osowa ku malo onse awiri. Otsatsa alekezera pomwepa. Sachula kuti a ku Tokelau, odya kokonati yambiri, anali ndi cholesterol yokwera kuposa anansi awo a ku Pukapuka. Sachulanso kuti anthuwo anali kudya cipatso ceni-ceni ndi zonse za m'kati mwake, pamodzi ndi nsomba za tsiku lomwelo ndi zipatso za m'mitengo, kuti shuga anali wosowa, ndi kuti anali kukhalira kupalasa mabwato ndi kukwera mitengo. Ambiri a ku Tokelau atasamukira ku New Zealand nayamba kudya buledi, shuga ndi nyama za m'masitolo, ananenepa, ndipo BP ndi matenda a shuga zinakula pakati pao.

Nkhani ya anthu amenewo siri kutali ndi ya mnyamata wocoka ku Petauke kukakhala ku Chawama. Kumudzi anali kulima ndi khasu, kuyenda pansi kapena pa njinga, ndi kudya nsima ya mgaiwa ndi nkhwani zotendera. Mu tauni akhala pa mpando wa minibasi kapena pa kantemba tsiku lonse, m'mawa adya zitumbuwa ndi tiyi wa shuga wambiri, masana chipisi ndi soseji, ndipo pa mapeto a mwezi apita ku Matero kukadya michopo. Thupi lotere likalandiranso sipuni ya mafuta a kokonati m'mawa uli wonse, palibe cimene latengako kwa msodzi wa ku Tokelau koma mafuta oundana okha.

ZA KUNO KWAO

Bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'caka ca 2019 anthu 17.9 miliyoni anafa ndi matenda a mtima ndi a mitsempha ya magazi, ndipo oposa atatu mwa anai anali a m'maiko osalemera. Zambia sali kunja kwa ciwerengero cimeneco. Kufufuza kumene kunacitika m'dziko lonse m'caka ca 2017 motsogozedwa ndi Unduna wa Zaumoyo kunapeza kuti pafupi-fupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu ali ndi BP yokwera, ndipo pafupi-fupi mmodzi mwa anai ndi wonenepa kopitirira muyeso. BP yokwera ndi LDL yoculuka zikakumana mu mtsempha umodzi zithandizana kuuwononga, ndipo fodya ndi shuga ziwonjezera moto.

WHO ilangiza kuti mafuta oundana asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu ya cakudya ca tsiku. Kwa munthu wamkulu amenewo ndi magalamu pafupi-fupi 22. Sipuni imodzi yaikulu ya mafuta a kokonati iri ndi magalamu pafupi-fupi 12 a mtundu umenewu. Masipuni awiri okha atsiriza muyeso wa tsiku lonse munthu asanalawe nyama, mkaka kapena citumbuwa.

Kunena zoona, mabanja a m'makomboni amene angathe kuphikira mafuta a kokonati tsiku ndi tsiku ndi owerengeka. Mafuta oundana alowa m'nyumba zambiri ndi njira zina zacete. Saladi yambiri yochipa iri ndi mafuta a kanjedza ocokera ku maiko monga Malaysia ndi Indonesia, ndipo idziwika m'nyengo yacisanu pamene icita mtambo ndi kuundana pansi pa botolo. Mabisiketi, majarini wolimba ndi ufa woyera uja wothira mu tiyi m'malo mwa mkaka, kawiri-kawiri zipangidwa ndi mafuta a mtundu womwewo. Palinso mafuta a m'ciwaya ca pa mseu, amene akazingira lero, mawa ndi mkuja mpaka ada bii. Amenewo sayenera kulowa m'mimba mwa munthu, kaya anacokera ku mbeu yotani.

Codabwitsa ndi cakuti mafuta amene madokotala a mtima alimbikitsa ndi omwe alimidwa m'cigawo ca Kum'mawa koposa cigawo cina ciri conse m'dziko lino. Nshawa, kuyambira Chalimbana wakale uja mpaka mitundu yatsopano yocokera ku Msekera ku Chipata, ziri ndi mafuta pafupi-fupi theka la kulemera kwake, ndipo ambiri mwa iwo ndi osaundana. Mpendadzuwa umene alimi ayengetsa pa zigayo zazing'ono za m'maboma, n'kutsala ndi makeke odyetsa nkhuku ndi nkhumba, upatsa saladi yabwino koposa ya m'botolo lokongola la kunja. Mai amene asinja nshawa, nasefa nsinjiro, natendera nkhwani, bonongwe kapena mfutso, wapatsa banja lake mafuta abwino pamodzi ndi zomanga thupi mumphika umodzi. Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ndi cinthu comvetsa cisoni kuona mlimi agulitsa thumba la nshawa pa mtengo wolira kwa ogula a pa sikelo, ndalamazo n'kukathera pa mafuta amene acepa mphamvu pa nshawa zomwezo. Cofunika kusamala ndi cuku basi. Nshawa zofumbwa, zowawa ndi zosintha mtundu ziri ndi poizoni wowononga ciwindi, ndipo ziyenera kusankhidwa ndi kutayidwa, osazisinjira pamodzi ndi zabwino pofuna kuti nsinjiro iculuke.

Asamve molakwa owerenga n'kuyamba kumana ana mafuta. Kufufuza kwa m'caka ca 2018 kunaonetsa kuti ana 35 pa 100 osakwana zaka 5 m'dziko lino anali opinimbira cifukwa ca kucepa kwa zakudya zoyenera. Mwana wamng'ono afunika mafuta kuti akule ndi kuti ubongo wake ukhwime, ndipo alangizi a zakudya, kuyambira pamene bungwe la National Food and Nutrition Commission linakhazikitsidwa m'caka ca 1967, akhala akuphunzitsa azimai kuthira nsinjiro kapena kasipuni ka saladi m'phala la mwana. Langizo limenelo silinasinthe. Cenjezo la mafuta oundana ligwera makamaka akulu, ndipo koposa onse iwo a zaka zopitirira 40, onenepa, a BP, a shuga, osuta fodya, ndi amene m'banja mwao wina anagwapo ndi sitiroko kapena kufa ndi mtima akali wamng'ono.

Anthu otere ayenera kupimitsa. BP ipimidwa pa kiliniki iri yonse, ya kumudzi ngakhale ya ku George, Mtendere ndi Kalingalinga, ndipo sipatenga nthawi. Cholesterol ifuna kutenga magazi ndi kuwapereka ku labotale, motero ipimidwa m'zipatala zazikulu monga UTH mu Lusaka, ndipo a pa kiliniki ndiwo auza munthu kumene angapite. Yonse pamodzi ikafika pa nambala 5 kapena kupitirira, pa muyeso umene zipatala za kuno zigwiritsa nchito, ndiye kuti yakwera, ndipo dokotala aona ngati kusintha kadyedwe kukwanira kapena pafunika mapiritsi. Munthu amene anapatsidwa kale mapiritsi a BP, a shuga kapena a cholesterol asawasiye cifukwa ca mau a wotsatsa malonda, ngakhale wotsatsayo akhale mbale wake. Kusiya mapiritsi a BP kwa masabata ocepa cabe kungabweretse sitiroko.

Nanga botolo limene lafika kale pa nyumba? Kulawako kamodzi-kamodzi mu mpunga wa pa Khirisimasi sikungaphe munthu, monganso nyama yonona ya pa ukwati siipha. Cimene cibvuta ndi ca tsiku ndi tsiku. Ndipo mafuta a kokonati ali ndi nchito ina imene aigwira bwino popanda kukhudza magazi: afewetsa khungu louma, athandiza mapazi ong'ambika m'miyezi ya cisanu ndi ya fumbi, ndipo azimai ambiri awadzola ku tsitsi. Mai wa ku Katete angalembere mwana wake kalata yothokoza, botolo n'kuliika pamodzi ndi sopo ndi mafuta odzola, ndipo basi yobwerera ku Lusaka n'kuipatsira kathumba ka nshawa zosankha bwino ndi mfutso.

Sabata ya mawa danga lino lidzafotokoza za mcere ndi soda wa m'ndiwo, ndi m'mene zikhudzira BP.